Mvula yoyamba ndi chigumukire: zimene mapiri a chipale angaphunzitse anthu a m'munsi mwa Soche, Michesi ndi Mulanje

Mwezi wa Novembala ukalowa, akatswiri a bungwe la SLF, lomwe lili ku Davos m'dziko la Switzerland, amayamba kukwera mapiri atanyamula mafosholo. Amakumba maenje m'chipale chofewa chimene changogwa kumene ndi kuyang'anitsitsa mmene chayalirana, chifukwa amadziwa kuti ngozi zambiri za mu Januwale ndi Febuluwale zimakhala zitabzalidwa kale m'masabata oyambirirawo. M'nyengo yomweyo alimi a ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba amakhala maso ali kumwamba, kudikira mvula yobzalira. Ndi ochepa amene amacheukira phiri lili kuseri kwa nyumba zawo kuti aone chimene mvulayo ikuchita kumeneko.

Ku Malawi sikugwa chipale. Koma phiri likagumuka n'kutsika ndi matope, miyala ndi mitengo, zochitika zake zimafanana kwambiri ndi chigumukire cha chipale: chinthu cholemera chimene chinatsamira pa chinthu chofooka chimalekana nacho mwadzidzidzi, ndipo amene ali m'munsi amatsala ndi masekondi owerengeka. Maiko a m'mapiri a Alps atha zaka zoposa 80 akuphunzira kuwerenga chiopsezo chimenechi nyengo isanafike pachimake. Zina mwa zimene anapeza zikugwirizana ndi mapiri a kummwera kwa Malawi kuposa mmene munthu angaganizire.

Chifukwa chake chipale choyamba chimaopsa

Chipale chofewa n'chachilendo kwa omvera ambiri, ngakhale kuti Amalawi okhala ku South Africa amachiona pa mapiri a Drakensberg ndi ku Lesotho, ndipo ena akukumbukira mmene chinatsekera msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass mu Seputembala 2024, magalimoto n'kugona panjira. Chimagwa mopepuka ngati ufa, koma chikafika pansi sichikhala chimodzimodzi. Kugwa kulikonse kumasiya muyalo wakewake, kotero kuti pofika pakati pa nyengo yozizira, chipale cha paphiri chimakhala ndi miyalo yambiri yosanjikizana, ina yolimba, ina yofooka.

Muyalo wovuta kwambiri kawirikawiri umakhala woyamba. Chipale chikagwa chochepa mu Okutobala kapena Novembala, kenako kumwamba n'kuyera kwa masabata angapo, nthaka ya pansi imakhala yofundirapo pamene mpweya wa pamwamba ukuzizira koopsa. Kusiyana kumeneku kumakoka chinyontho kuchokera pansi kupita pamwamba, ndipo timibulu ta chipale timasintha n'kukhala ngati shuga wouma, tosagwirana, toti munthu sangaumbe nato kanthu m'manja. Pambuyo pake pamagwa chipale chambiri, mphepo n'kuchitsendereza mpaka kulimba ngati thabwa. Thabwa limeneli limakhala litagona pa shuga uja. Pamwamba pamaoneka posalala ndi podalirika, koma chofookacho chimatha kubisala pansi kwa miyezi iwiri kapena itatu.

Chigumukire chotere chimakonda malo otsetsereka pakati pa madigiri 30 ndi 45, ndipo chimatha kuthamanga makilomita oposa 100 pa ola patangopita masekondi ochepa. Pa ngozi zopha anthu, pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zimayambitsidwa ndi wovulalayo kapena mnzake amene akuyenda naye. Munthu wokwiririka akafukulidwa mphindi 15 zisanathe, mwayi wopulumuka umaposa 90 pa 100 alionse. Pakadutsa mphindi 35 umatsika kufika pafupifupi pa mmodzi mwa atatu. N'chifukwa chake m'maiko amenewo amaphunzitsa kuti wopulumutsa weniweni ndi amene ali pomwepo, osati ndege yochokera kutali.

Kuyambira mu 1993 maiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyeso umodzi wa chiopsezo, kuchokera pa 1 mpaka 5, ndipo amaulengeza tsiku ndi tsiku monga mmene wailesi imalengezera zanyengo. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri safa pa 5, pamene aliyense akuona kuti kunja kwaipa ndipo amakhala m'nyumba. Amafa pa 3, tsiku limene dzuwa lawala ndipo phiri likuoneka lofatsa.

Zimene mvula yoyamba imachita paphiri

Mapiri a Mulanje, Michesi ndi Zomba ndi matanthwe olimba a mtundu wa granite ndi syenite, amene anatsala ali chiimire pamene nthaka yofewa yowazungulira inkakokoloka kwa zaka mamiliyoni ambiri. Nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002. M'mbali mwa mapiriwa muli dothi lopyapyala, losakanikirana ndi miyala, litagona pa thanthwe lotsetsereka. Malire a pakati pa dothi ndi thanthwe ndiwo muyalo wofooka wa mapiri a ku Malawi.

Mvula ikagwa, madzi amalowa m'dothi mpaka kufika pa thanthwe, pomwe sangapitirire. Akachuluka amachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amalemeretsa dothi, komanso amadzaza timipata tonse ta pakati pa mchenga ndi miyala n'kumakankha kuchokera m'kati, kotero kuti dothilo limasiya kugwira thanthwe. Likangosuntha, limagwera m'khwawa, n'kusakanikirana ndi madzi a mumtsinje, n'kusanduka phala lolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi. Kulemera kumeneku ndiko kumachititsa kuti miyala yaikulu ngati nyumba iyandame pamwamba pake monga zitsononkho. Phala lotere limatha kupitirira makilomita 50 pa ola, liwiro limene munthu wothamanga sangalipose.

Mvula yoyambirira, imene makolo anaitcha chizimalupsa chifukwa imazimitsa lupsa, imapeza phiri lili pa umphawi wake. Moto wa m'chilimwe, wa osaka mbewa ndi nyama kapena wa okonza minda, umakhala utatentha udzu ndi masamba amene akanachepetsa mphamvu ya madontho. Nthaka yopsa kwambiri imakana madzi kwa kanthawi, ndiye m'malo molowa pansi amathamanga pamwamba n'kukokolola phulusa, dothi ndi miyala. M'makwawa mumakhala mutaunjikana zimene zinagwa m'miyezi isanu ndi umodzi yopanda mvula, ndipo m'mizinda muli zinyalala za mapulasitiki zotseka ngalande. Mvula yamphamvu ya theka la ola ikhoza kunyamula zonsezi pakamodzi. Ku Montecito, m'chigawo cha California ku America, anthu 23 anafa pa 9 Januwale 2018 pamene mvula yoyamba yamphamvu inagwa pa mapiri amene anali atangopsa kumene.

Koma ntchito yaikulu ya mvula ya mu Novembala ndi Disembala ndi yosaoneka. Imalowa m'ming'alu imene dzuwa linang'amba, n'kumadzaza nthaka pang'onopang'ono monga mtsuko. Mtsuko wopanda kanthu umalandira chidebe chonse osasefukira, pamene wodzaza kale umatayika ndi chikho chimodzi. Mvula ya mamilimita 100 imene singachite kanthu kumayambiriro kwa Novembala ikhoza kugwetsa phiri mu Febuluwale, ngati nthaka yakhala ikumwa kwa miyezi itatu. Choncho funso la akatswiri silikhala lokhudza mvula ya mawa yokha. Amafunsanso kuchuluka kwa mvula imene yagwa pamalopo chiyambire dzinja, monga mmene anzawo a ku Davos amafunsira zimene chipale choyamba chinasiya pansi.

1946, 1991, 2023

Amene amaganiza kuti mapiri amagumuka kumapeto kwa dzinja kokha ayenera kukumbukira Zomba. Pakati pa Disembala 1946, dzinja litangoyamba, pa phiri la Zomba panagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 711 m'maola 36. Mbali zina za phirilo zinagumuka, milatho inakokoloka, mudzi wa Ntiya unaphwasuka, ndipo anthu oposa 20 anafa. Zomba ndiye anali likulu la dziko pa nthawiyo. Mvula ikachuluka chomwecho, mtsuko umadzaza usiku umodzi, ndipo siyembekezera Malichi.

Pa 10 Malichi 1991 linali phiri la Michesi, limene limayang'anizana ndi Mulanje kudutsa mpata wa Fort Lister. Matope ndi miyala zinatsikira pa Phalombe, amene nthawi imeneyo anali mbali ya boma la Mulanje, ndipo anthu pafupifupi 500 anataya miyoyo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyamba lokhudza kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi chithandizo. Miyala imene inatsika tsiku limenelo idakalipo m'minda ndi m'mbali mwa msewu, ndipo mbadwo wonse wakula ukusewera pamwamba pake.

Namondwe Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuoloka nyanja yonse ya Indian Ocean. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Anafika kumtunda ku Mozambique kachiwiri, pafupi ndi Quelimane, pa 11 Malichi, kenako n'kuima pamwamba pa chigawo chakummwera kwa Malawi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mamilimita 1,078 m'masiku anayi, mvula yoposa imene mzinda wa Lilongwe umalandira chaka chathunthu. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi, ndiye kuti kachigawo kalikonse kotere kanalandira madzi olemera kuposa tani imodzi, pa nthaka imene inali itamwa kale chiyambire Novembala.

Phiri la Soche linagumukira nyumba za ku Chilobwe ndi Manja mumzinda wa Blantyre. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unafafanizika. M'mbali mwa Mulanje ndi Michesi munatseguka zipsera zofiira zimene zikuonekabe munthu akadali kutali. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti anthu 679 anafa, 537 sanapezeke, ndipo oposa 659,000 anasowa pokhala. Katundu ndi chuma zoonongeka zinaposa madola 500 miliyoni a ku America. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 a maliro a fuko.

Chenjezo linalipo. Nthambi yoona zanyengo inalengeza za namondweyo masiku angapo asanafike, ndipo masukulu a m'maboma akummwera anayamba atsekedwa. Vuto linali m'mene anthu anamvera chenjezolo. Kwa zaka zambiri uthenga wa ngozi za m'dzinja ku Malawi unaumbidwa ndi kusefukira kwa Shire ndi Ruo ku Nsanje ndi Chikwawa: chokani kumalo otsika, pitani kumtunda. Uthengawu ndi woona ndipo wapulumutsa anthu ambiri. Koma munthu wa ku Chilobwe akaumva ankadziona kuti ali kale kumtunda, ndiye analibe chifukwa chochokera. Ngozi yake inali pamwamba pa denga lake.

Njira za Napolo

Anthu a m'munsi mwa mapiriwa ali ndi dzina la zimenezi. Napolo, m'chikhulupiriro cha makolo, ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira ku nyanja kapena ku phiri lina chimang'amba nthaka n'kutenga zonse zili panjira yake. Dzinali linamveka dziko lonse pambuyo pa 1946, ndipo mlembi Steve Chimombo analigwiritsa ntchito m'buku lake la ndakatulo lotchedwa Napolo Poems, la mu 1987. N'kosavuta kwa munthu wophunzira kuseka nkhani ya njokayi. Komabe nkhaniyo inasunga mfundo imene sayansi inadzatsimikiza: Napolo ali ndi njira zake, ndipo amabwereranso momwe anadutsa kale.

Ku Switzerland njira zotere amazijambula pa mapu. Malo ofiira ndi oletsedwa kumangapo nyumba zatsopano; malo obiriwira ngati mtambo amaloledwa pokhapokha nyumbayo ikhale ndi makoma olimbitsidwa kumbali yoyang'ana phiri. Mapuwa amachokera ku zolembedwa zakale za m'midzi ndi m'matchalitchi, ku zipsera za pa mitengo, ndi ku zimene okalamba akukumbukira. Pamwamba pa mudzi wa Andermatt pali kankhalango kamene kakhala kotetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1397, chifukwa anthu a kumeneko anazindikira kuti ndiko kamatchinga chipale. Mapu nawonso amalakwa: pa 23 Febuluwale 1999 chigumukire chinapha anthu 31 ku Galtür m'dziko la Austria, chitafika pamalo amene ankaonedwa kuti ndi otetezeka. Koma mapu olakwa apo ndi apo amaposa kusakhala ndi mapu konse.

Zizindikiro za njira yakale n'zoti aliyense angaziwerenge popanda chida. Pamene khwawa likutuluka m'phiri n'kufika pachidikha, nthaka imatambasuka ngati lichero, yokwererapo pang'ono pakati. Malo amenewa amakopa anthu, popeza madzi ali pafupi, dothi ndi lachonde, ndipo sipadikha madzi. Koma licherolo linapangidwa ndi zigumukire zam'mbuyo. Mwala waukulu wokhala wokha pakati pa munda, kutali ndi thanthwe lililonse, sunamere pamenepo. Unabwera, ndipo chimene chinaubweretsa chikhoza kubweretsa unzake.

Madzi saiwala khwawa, amatero akuluakulu, ndipo mwambiwu umagwira ntchito ngakhale kumene kulibe phiri. Amalawi amene akugwira ntchito ku Doha amaidziwa Msheireb, dera la nyumba zatsopano pakati pa mzindawo, pomwe njanji zitatu za sitima zapansi zimakumana. Dzinalo limachokera ku mawu a Chiarabu otanthauza malo omwerapo madzi, chifukwa panali khwawa lotchedwa Wadi Msheireb, limene linkauma chaka chonse n'kumayenda madzi mvula ikagwa, kulowera ku nyanja kudzera cha ku msika wa Souq Waqif. Lero khwawalo latsala m'dzina la msewu. Dziko la Qatar lilibe malo okwera kuposa mamita 103 ndipo limalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 75 pachaka, koma pa 20 Okutobala 2018, kumayambiriro kwenikweni kwa nyengo yawo ya mvula, madera ena a Doha analandira mvula ya chaka chonse tsiku limodzi. Misewu yodutsa pansi inadzaza madzi ndipo magalimoto anamira. Dziko lolemera limakumba ngalande zikuluzikulu pansi pa mzinda kuti madzi apeze njira ina. Pa Soche palibe ngalande imene ingalandire mwala wa matani 50.

Mitengo, maploti ndi ndalama zochokera kunja

Pambuyo pa Freddy ambiri analoza chala odula mitengo ndi ootcha makala, ndipo sanalakwe kwenikweni. Mizu imamanga dothi la pamwamba, masamba amachepetsa mphamvu ya mvula, ndipo mtengo umamwa madzi ambiri m'nthaka. Phiri la Ndirande linametedwa m'zaka za m'ma 1990, la Soche linatsatira, ndipo pa Mulanje mkungudza, mtengo wa fuko, watsala pang'ono kutheratu m'nkhalango zachilengedwe. Phiri lopanda mitengo limagumuka ndi mvula yochepa, ndiponso kawirikawiri.

Komabe kunena kuti mitengo yokha ikanaletsa zonse ndi kudzinamiza. Mizu yambiri imagwira mita imodzi kapena ziwiri za pamwamba, pamene dothi likhoza kulekana ndi thanthwe pansi pa mizuyo n'kutsika ndi nkhalango yonse, mitengo n'kusanduka mivi. Mu 1946 dziko linali ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi lero, koma phiri la Zomba linagumukabe. Kubzala mitengo kumachepetsa chiopsezo pakapita zaka khumi kapena makumi awiri. Sikusintha chilichonse kwa banja limene likugona pakamwa pa khwawa dzinja lino. Chimene chinasintha kwambiri pakati pa 1946 ndi 2023 ndi chiwerengero cha anthu okhala panjira. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo amene sangakwanitse malo a pachidikha amakwera m'mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Mpingwe, kumene ploti ndi yotchipa.

Kamangidwe kakenso kamaonjezera vuto. Pofuna malo osalala, womanga amasema phiri kumbuyo n'kutayira dothilo kutsogolo. Kumbuyo kumatsala khoma la dothi loima chilili lopanda chochirikiza, kutsogolo nyumba imakhala pa dothi lotayirira. Madzi a padenga, a kubafa ndi a m'chimbudzi chokumba amalowa m'nthaka momwemo, ndipo oswa miyala amachotsa miyala imene inkatchinga dothi la pamwamba. Nyumba zikakhala mazanamazana, iliyonse imafooketsa ya m'munsi mwake.

Apa nkhaniyi ikukhudza mwachindunji omvera a ku Johannesburg, Cape Town, Doha, Dublin ndi kwina. Nyumba zambiri zimene zikumangidwa m'mizinda ndi m'midzi ya ku Malawi zimamangidwa ndi ndalama zotumizidwa kuchokera kunja, ndipo mwini wake nthawi zambiri amaona plotiyo pa chithunzi cha pa WhatsApp chokha. Chithunzi chimaonetsa njerwa, maziko ndi malata. Sichionetsa zimene zili kumbuyo kwa wojambula. Wotumiza ndalama ali ndi ufulu wopempha chithunzi choyang'ana kuphiri, kufunsa mtunda wa pakati pa plotiyo ndi khwawa lapafupi, kufunsa ngati pamalopo pali miyala ikuluikulu yobwera, ndi kupempha m'bale wake kuti akacheze ndi okalamba a m'deralo za kumene madzi anadutsa mu 1991, mu 2015 kapena mu 2023. Ploti yotchipa modabwitsa m'munsi mwa phiri imakhala ndi chifukwa chake.

Zimene phiri limanena lisanagwe

Chigumukire chimabwera mwadzidzidzi, koma nthawi zambiri phiri limakhala litapereka zizindikiro, ndipo masabata oyamba a dzinja ndiyo nthawi yabwino yoziyang'ana, udzu usanatalike n'kubisa nthaka. Mng'alu watsopano wopingasa phiri pamwamba pa nyumba, makamaka wopindika ngati uta ndipo mbali yake ya m'munsi yatsikirapo, ndi chizindikiro chachikulu kuposa zonse. Mitengo, mapolo a magetsi kapena mipanda imene yayamba kupendekeka imanena zomwezo. Kasupe wotumphuka pamene sipanatulukepo madzi, kapena kasupe wakale wouma mwadzidzidzi pakati pa dzinja, amasonyeza kuti njira za madzi pansi pa nthaka zasintha. M'nyumba, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka ndi ming'alu imene ikukula sabata ndi sabata zimatanthauza kuti maziko akuyenda. Njira yosavuta yoyezera ndi kukhoma zikhomo ziwiri, china mbali iyi ya mng'alu china mbali inayo, n'kumangapo chingwe. Chingwe chikakungika kapena kuduka, nthaka ikusuntha.

Mvula ikakhala ikugwa, mtsinje ndiwo umalankhula. Madzi oyera akasanduka matope mwadzidzidzi, kapena akayamba kubwera ndi nthambi zothyoka kumene, kumtunda kwagumuka kale. Choopsa kwambiri ndi mtsinje umene ukuphwa pamene mvula ikupitirira: ndiye kuti china chake chautseka kumtunda, ndipo chikaphulika madzi onse adzabwera pakamodzi. Opulumuka m'maiko osiyanasiyana amafotokoza mkokomo wonga wa ndege kapena wa magalimoto akuluakulu, kuthyoka kwa mitengo ndi kugundana kwa miyala. Mkokomo umenewo ukamveka, nthawi yolongedza katundu yatha. Pothawa, munthu asatsike motsata khwawa, chifukwa phalalo limamuposa liwiro. Athawire cham'mbali, kuchoka m'njira ya madzi kupita pa mtumbira kapena pa msana wa phiri.

Usiku ndiwo umapha. Anthu amakhala m'tulo, magetsi atazima, ndipo phokoso la mvula pa malata limabisa mkokomo wa kuphiri. Mvumbi ukafika tsiku lachiwiri kapena lachitatu, banja lokhala pamalo okayikitsa limachita bwino kukagona kwina dzuwa lisanalowe, ngakhale kuti m'mawa lingadzapeze nyumba ili bwinobwino. Kusamuka kotereku kudzakhala kopanda phindu maulendo asanu ndi anayi mwa khumi, ndipo anthu ayenera kuuzidwa zimenezi poyera kuti asadzataye chikhulupiriro pa chenjezo la ulendo wakhumi.

Mudzi wa Blatten ku Switzerland unasonyeza zimene kuyang'anira phiri kungachite. Akatswiri ataona kuti thanthwe la pamwamba pa mudziwo likusuntha, anthu pafupifupi 300 anasamutsidwa pa 19 Meyi 2025, pamodzi ndi ziweto zawo. Pa 28 Meyi madzi oundana ndi miyala zinagumuka n'kukwirira pafupifupi mudzi wonse. Munthu mmodzi ndiye anafa. Anthu a ku Blatten anavomera kuchoka chifukwa ankadziwa kopita, ankakhulupirira owachenjeza, ndipo sankaopa kuti akabwerera adzapeza katundu atabedwa. Mfundo zitatuzi n'zimene zimasowa kawirikawiri ku Chilobwe kapena ku Nkhulambe, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imafuna makina okwera mtengo.

Mu Epulo 2023, patangopita mwezi umodzi chichitikire Freddy, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loyendetsera nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lolowa m'malo mwa lija la 1991. Lamuloli limapatsa boma mphamvu yolengeza malo kuti ndi oopsa ndi kusamutsa anthu okhalamo. Nthambi ya DoDMA, nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yofufuza za miyala ndi nthaka ya ku Zomba iliyonse ili ndi gawo lake la chidziwitso, ndipo m'midzi muli makomiti oona za ngozi. Chovuta chili pa malo osamukirako. Munthu amene amagulitsa tomato mumsika wa Limbe sangakhale pamalo opanda madzi, sukulu ndi msika, ngakhale atakhala otetezeka chotani, ndipo ena mwa amene anachoka m'mbali mwa Soche anabwereranso. Lamulo loletsa kumanga lopanda ploti ina m'manja limangosamutsira anthu ku phiri lotsatira.

Chida chotchipa kwambiri pa zonsezi ndi choyezera mvula, chimene sukulu iliyonse ya m'munsi mwa phiri ingakhale nacho pabwalo, ana n'kumalemba manambala pa bolodi m'mawa uliwonse kuyambira mvula yoyamba. Manambala amenewo, akaphatikizidwa sabata ndi sabata, amauza mfumu ndi komiti ya m'mudzi kuti mtsuko wadzaza kufika pati. Ndipo mvula ikakata, chiopsezo sichitha nthawi yomweyo. Madzi amene analowa pamwamba pa phiri amatenga maola kapena masiku kuti afike pa thanthwe la pansi, ndipo chipsera cha chigumukire choyamba chimasiya m'mbali mwake dothi lolendewera lopanda potsamira. Ofukula anzawo ndi obwerera kukatenga malata, mbuzi kapena matumba a chimanga amakhala ali m'njira yomweyo, choncho gulu lililonse lofukula liyenera kuika munthu mmodzi pamalo okwera, atanyamula wenzulo kapena chitsulo choimba, ntchito yake ikhale kuyang'ana kuphiri basi.